Liwiro la kusintha kwa makemikolo

Liwiro la kusintha kwa makemikolo ndi muyezo wa kufulumira kapena kuchedwa kwa zinthu pamene zikusanduka zinthu zina zatsopano. Kusintha kotereku, kumene mabuku a sayansi amakutcha chemical reaction, kumachitika maatomu akamasuka pamene analumikizana n'kulumikizananso mwa njira ina. Chitsulo chikachita dzimbiri, nkhuni zikapsa n'kutsala phulusa, kapena mkaka ukasasa, ndiye kuti kusintha kwa mtunduwu kwachitika. Nthawi imene kumatenga imasiyana kwambiri. Wonga umaphulika sekondi imodzi isanathe, mkaka umasasa pa tsiku limodzi kapena awiri, pamene khasu losiyidwa panja limatenga zaka kuti lidyeke ndi dzimbiri.

Zimene zimafulumizitsa kapena kuchedwetsa kusinthaku ndi kutentha, kuthithikana kwa makemikolo, kupanikizika kwa mpweya, kukula kwa tizidutswa ta chinthu cholimba, kuwala, chibadwa cha makemikolowo ndiponso kupezeka kwa catalyst. Ngakhale zikuoneka zambiri, pafupifupi zonsezi zimagwira ntchito m'njira ziwiri zokha: zina zimachulukitsa kugundana kwa mamolekyu, zina zimachititsa kuti mwa kugundana kumene kulipo kale, kochuluka kukhale kophula kanthu. Nthambi ya sayansi yofufuza zimenezi imatchedwa chemical kinetics.

Kayezedwe ka liwiro

Liwiro limapezeka poona kuchuluka kwa chinthu chimene chatha, kapena kwa chinthu chatsopano chimene chapangika, pa nthawi yodziwika. Asayansi amawerengera makemikolo pa muyezo wa mole, choncho liwiro kawirikawiri limalembedwa m'ma mole pa lita imodzi pa sekondi imodzi.

M'labotale ya kusukulu amagwiritsa ntchito njira zosavuta. Kachidutswa ka magnesium akakaponya mu asidi wa hydrochloric kamatulutsa mpweya wa haidirojeni, ndipo mpweyawo amaukola m'sirinji yagalasi n'kumalemba kuchuluka kwake pa masekondi 10 alionse. Timiyala ta marble mu asidi yemweyo timatulutsa kaboni dayokisaidi, motero botolo likakhala pa sikelo limanka lipepuka. Njira ina yodziwika ndi yosakaniza sodium thiosulfate ndi asidi m'botolo loikidwa pa pepala lolembedwa mtanda. Madziwo amachita mbuu chifukwa cha sulufule amene akupangika, ndipo woyesayo amawerenga masekondi mpaka mtandawo utaleka kuoneka. Zotsatira zikajambulidwa pa girafu, mzere umayamba ndi kukwera mofulumira, kenako umanka uwerama mpaka kugona. Izi zimasonyeza kuti liwiro limakhala lalikulu poyambirira ndipo limachepa pamene makemikolo oyambira akunka natha.

Munthu woyamba kuyeza liwiro mwadongosolo anali Ludwig Wilhelmy wa ku Germany. Mu 1850 iye anatsatira mmene shuga wa sucrose amaswekera mu asidi n'kusanduka glucose ndi fructose, ndipo anapeza kuti liwiro limayenderana ndi kuchuluka kwa shuga amene watsala. Mu 1864 Cato Guldberg ndi Peter Waage a ku Norway analemba lamulo lolumikiza liwiro ndi kuthithikana kwa makemikolo. Mu 1884 Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands anatulutsa buku limene linaika maziko a phunziro lonseli, ndipo ndi iye amene anakhala woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 1901.

Kugundana kwa mamolekyu

Mamolekyu sakhala phee. Mu mpweya umene timapuma, molekyu ya naitirojeni imathamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi, ndipo imagundana ndi inzake maulendo mabiliyoni angapo pa sekondi iliyonse. Kukanakhala kuti kugundana kulikonse kumabala kusintha, pepala likanayaka lokha likangokhudzana ndi mpweya, ndipo petulo sakanasungika. Chifukwa chimene sizitero chinafotokozedwa ndi Max Trautz mu 1916 ndi William Lewis mu 1918, aliyense payekha, m'chiphunzitso chotchedwa collision theory.

Chiphunzitsochi chimati kugundana kumaphula kanthu pokhapokha zinthu ziwiri zitakwanira. Choyamba, mamolekyuwo awombane ndi mphamvu yokwanira kumasula zolumikizira za maatomu awo. Chachiwiri, akumane ndi mbali yoyenera, monga kiyi amene amatsegula loko pokhapokha atalowa molunjika. Mamolekyu akuluakulu amavutika kwambiri ndi mfundo yachiwiriyi, pakuti kachigawo kamene kayenera kukhudzidwa n'kakang'ono poyerekeza ndi molekyu yonse. Kugundana kumene sikukwaniritsa ziwirizi kumangotha: mamolekyu amanjanja n'kupita kwina ali chimodzimodzi.

Mphamvu yochepetsetsa imene imafunika kuti kusintha kuyambe imatchedwa activation energy, kapena kuti mphamvu yoyambitsira. Ganizoli analibweretsa ndi Svante Arrhenius wa ku Sweden mu 1889. Tingaliyerekeze ndi ngolo imene ili pamwamba pa mtsetse koma kutsogolo kwake kuli chulu. Ngoloyo ikanatsetsereka yokha, koma siyenda mpaka wina ataikankha kuti idumphe chuluyo. Haidirojeni ndi okosijeni angakhale m'botolo limodzi kwa zaka osasintha, koma kathetheka kamodzi ka moto kamapatsa mamolekyu ochepa mphamvu yodumphira chulu, ndipo kutentha kumene iwo amatulutsa kumakankha enawo mpaka zonse zitaphulika n'kusanduka madzi.

Apa pali mfundo imene ophunzira ambiri amaisokoneza. Kutalika kwa mtsetse ndi kutalika kwa chulu ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kusintha kungakhale kotulutsa mphamvu yambiri koma n'kumachedwa zedi ngati mphamvu yoyambitsira ili yaikulu. Dayamondi, pa kutentha ndi kupanikizika kwa masiku onse, ndi wosakhazikika poyerekeza ndi graphite, chinthu chakuda cha m'pensulo, ndipo mwa lamulo ayenera kusanduka graphite. Koma chulu chake n'chachitali kotero kuti palibe amene adzaone mphete ya dayamondi itasanduka pensulo.

Kutentha

Mwa zonse, kutentha ndi kumene kumasintha liwiro mooneka kwambiri. Pa kusintha kwambiri kochitika pafupi ndi kutentha kwa m'nyumba, kuwonjezera madigiri 10 okha kumachulukitsa liwiro pafupifupi kawiri. Lamuloli ndi longoyerekeza, siligwira pa kusintha kulikonse, koma limathandiza powerengera mwachangu.

Anthu ambiri amafotokoza kuti kutentha kumathamangitsa mamolekyu ndiye amagundana kawirikawiri. Zimenezi n'zoona koma ndi gawo laling'ono la yankho. Kutentha kukakwera kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 30, kugundana kumangowonjezeka ndi maperesenti osakwana 2. Maperesenti awiri sangachulukitse liwiro kawiri. Chimene chimasintha kwambiri ndi chiwerengero cha mamolekyu amene ali ndi mphamvu yodumphira chulu. Pa kutentha kulikonse mamolekyu sakhala ndi mphamvu yofanana: ambiri ali ndi yapakatikati, ena yochepa, ndipo ochepa kwambiri ali ndi yaikulu. Ochepa amenewa ndi amene amagwira ntchito yonse. Kutentha kukakwera pang'ono, gulu laling'onoli limakula mofulumira. Ngati mphamvu yoyambitsira ili ma kilojoule 50 pa mole, gululi limakula pafupifupi kawiri pakati pa madigiri 20 ndi 30.

Arrhenius analemba ubalewu m'masamu motere:

k = A × e^(−Ea/RT)

Apa k ndi nambala yosonyeza liwiro la kusinthako, A imayimira kuchuluka kwa kugundana kwa mbali yoyenera, Ea ndi mphamvu yoyambitsira, R ndi nambala yosasintha ya 8.314, ndipo T ndi kutentha pa muyezo wa kelvin. Masamuwa amaonetsanso kuti kusintha kokhala ndi mphamvu yoyambitsira yaikulu ndi kumene kumamva kutentha kwambiri.

Kuphika ndi kusunga zakudya kwatsamira pa mfundo imeneyi. Firiji imasunga chakudya pa madigiri pafupifupi 4, ndipo pamenepo kusintha kwa m'chakudyacho ndi kwa m'tizilombo toolesa kumachedwa, ngakhale sikuleka. Makatemera ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 pa chifukwa chomwecho. Mbali inayo, poto wotseka wa presha amakweza kuwira kwa madzi kufika pa madigiri pafupifupi 120, n'chifukwa chake nyemba zimene zikanatha maola zimapsa pa mphindi zowerengeka. Kumalo okwera zimatembenuka. Madzi amawira pa madigiri 100 kufupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere, monga ku Nsanje, koma ku Dedza, kumene kuli pa mamita pafupifupi 1,600, amawira pa madigiri pafupifupi 95, ndipo pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje amawira pafupi ndi 90. Nyemba zomwezo zimachedwerapo kupsa kumapiri. Pamenepa pali phunziro lina la kukhitchini: madzi akawira kale m'poto wamba, kutentha kwake sikukweranso. Kusonkhezera moto wambiri sikufulumizitsa ndiwo, kumangotha nkhuni ndi kuphwetsa msuzi.

Ngozi imabwera pamene kusintha kukutulutsa kutentha mofulumira kuposa mmene kutenthako kukuchokera. Kutentha kumafulumizitsa kusintha, kusintha kumawonjezera kutentha, ndipo ziwirizi zimakankhana mpaka palibe angaziletse. Ndi mmene mulu waukulu wa malasha kapena wa udzu wonyowa umayakira wokha. Usiku wa pa 2 December 1984 ku Bhopal, m'dziko la India, madzi analowa m'thanki ya methyl isocyanate pa fakitale ya mankhwala ophera tizilombo ya Union Carbide. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa kale. Kutentha kunakwera, mpweya wapoizoni unatuluka n'kukuta mzindawo, ndipo anthu masauzande anafa.

Kuthithikana ndi kupanikizika

Mamolekyu akachuluka pamalo amodzi amagundana kawirikawiri, monga anthu mumsika wodzaza. N'chifukwa chake magnesium amatha msanga mu asidi wosasungunula kusiyana ndi mu asidi wosukuluka ndi madzi. Apa gawo la kugundana kophula kanthu silisintha, chimene chimakula ndi chiwerengero cha kugundana konse.

Moto ndi chitsanzo chabwino. Okosijeni amapanga maperesenti 21 okha a mpweya wotizungulira. Kamtengo konyeka kopanda lawi akakalowetsa m'botolo la okosijeni yekhayekha kamayakanso nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake moto ndi fodya n'zoletsedwa pafupi ndi masilinda a okosijeni m'zipatala. Pa 27 January 1967, moto unabuka m'chombo cha Apollo 1 chili pansi poyeserera ku Cape Kennedy. M'katimo munali okosijeni yekhayekha wopanikizidwa, ndipo zinthu zimene sizikanayaka msanga mu mpweya wamba zinapsa m'masekondi ochepa. Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anafera momwemo. Mvukuto wa wosula zitsulo ndi kukupiza mbaula zimabweretsa okosijeni watsopano pa makala m'malo mwa amene watha. Kukwirira makala amoto ndi phulusa kumachita zosiyana: okosijeni amafika pang'onopang'ono, ndipo moto umagona mpaka m'mawa.

Kupanikiza mpweya n'chimodzimodzi ndi kuuthithikanitsa. Mpweya ukapanikizidwa kuti ukwane m'theka la malo ake, mamolekyu pa lita iliyonse amachuluka kawiri. Zamadzimadzi ndi zolimba sizipanikizika kwenikweni, choncho kupanikiza sikusintha liwiro lake mooneka.

Komabe si nthawi zonse pamene kuthithikana kowirikiza kawiri kumapereka liwiro lowirikiza kawiri. Pa kusintha kwina liwiro limakwera kanayi, ndipo pa kwina silisuntha n'komwe. Khalidweli limatchedwa order ya kusinthako, ndipo silidziwika pongoyang'ana equation yolembedwa papepala, limapezeka poyesa. Chifukwa chake n'chakuti kusintha kwambiri kumachitika m'masitepe angapo, ndipo sitepe yochedwetsetsa ndi imene imalamula liwiro lonse. Pa chigayo, mzere ungatalike bwanji, ufa umatuluka pa liwiro la chigayocho. Kuwonjezera anthu onyamula matumba sikuthandiza ngati makina ali otanganidwa kale. Chiwindi cha munthu chimachita chimodzimodzi ndi mowa. Enzyme imene imaswa mowa imadzaza msanga, ndipo kuchokera pamenepo thupi limachotsa mowa pa mlingo umodzimodzi pa ola, kaya munthu wamwa wochepa kapena wambiri.

Kukula kwa tizidutswa

Chinthu cholimba chimasintha kunja kokha, pamene chikukhudzana ndi mpweya kapena madzi. Maatomu a m'kati amadikira mpaka akunja atachoka. Choncho kuswa chinthu kumafulumizitsa kusintha chifukwa kumaonetsa poyera malo amene anabisika. Kabokosi kolimba kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi malo akunja okwana masikweya sentimita 6. Akakadula m'timabokosi ta milimita imodzi, timakhala 1,000 ndipo malo akunja amakwana masikweya sentimita 60. Akapitiriza mpaka kukhala fumbi la micrometre imodzi, malowo amafika pa masikweya mita 6, kulemera kwake kuli komweko. Aliyense wokoleza moto amadziwa kuti timitengo towaza timagwira msanga kuposa chipika, ndipo kutafuna chakudya kumagwira ntchito yomweyo m'thupi.

Fumbi la chinthu choyaka likamwazika mu mpweya, kadontho kalikonse kamazunguliridwa ndi okosijeni ndipo lonse lingapse kamodzin'kamodzi. Ufa umene uli m'thumba suyaka msanga, koma ufa wouluka m'nyumba yotseka ungaphulike ngati bomba. Mu 1878 chigayo cha tirigu cha Washburn ku Minneapolis chinaphulika ndi fumbi la ufa ndipo anthu 18 anafa. Mu 2008 fumbi la shuga linaphulitsa fakitale ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, n'kupha anthu 14. M'migodi ya malasha ngoziyi yapha anthu ochuluka koposa. Ku Courrières, m'dziko la France, anthu 1,099 anafa mu 1906. Pa 6 June 1972, pa mgodi wa Wankie ku Hwange, m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, kuphulika kwa pansi kunayatsa fumbi la malasha ndipo anthu 427 anafa, ena mwa iwo ochokera ku Zambia, Mozambique ndi Malawi. Njira yopewera ngoziyi ndi kuwaza fumbi la miyala ya laimu m'njira za mgodi ndi kunyowetsa malo okumba. Fumbi la mwala siliyaka, limasukulutsa la malasha ndi kumwa kutentha.

Catalyst

Catalyst ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusintha koma icho chimatsala chosatha kusinthako kukatha. Dzinali linachokera kwa Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1835, ngakhale khalidweli linali litaoneka kale. Mu 1823 Johann Döbereiner anapeza kuti haidirojeni akawombedwa pa chitsulo cha platinum chosalala ngati ufa amayaka yekha mu mpweya popanda moto, ndipo anapanga nacho choyatsira moto chimene chinagulitsidwa kwambiri machesi asanafale.

Catalyst sipatsa mamolekyu mphamvu. Imatsegula njira ina imene chulu chake n'chachifupi, motero mamolekyu ambiri amene anali ndi mphamvu yoperewera tsopano amakwanitsa kudutsa. Sikuti imangoonerera: imalowa nawo m'masitepe a kusinthako, n'kutulukanso kumapeto ili monga inalili, n'chifukwa chake pang'ono pokha pamakwanira. Hydrogen peroxide, mankhwala otsukira mabala, imasweka yokha pang'onopang'ono kukhala madzi ndi okosijeni, ndipo mphamvu yoyambitsira ndi ma kilojoule pafupifupi 75 pa mole. Pakakhala platinum imatsika kufika pafupifupi 49. Kutsika kumeneku kukuoneka kochepa, koma malinga ndi masamu a Arrhenius kumachulukitsa liwiro maulendo masauzande ambiri. Ufa wakuda wa manganese dioxide ukathiridwamo, madziwo amachita thovu pomwepo, ndipo ufawo ukasefedwa n'kuumitsidwa umalemera monga poyamba.

Magalimoto amakono ali ndi catalytic converter m'paipi ya utsi. M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi, topakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulozi zimasandutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide ndi ma oxide a naitirojeni kukhala kaboni dayokisaidi ndi naitirojeni, utsi usanatuluke. Timabowoto timasonyeza kuti catalyst yolimba imadaliranso kukula kwa malo akunja. Platinum wambiri wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa, ndipo wina ku Great Dyke m'Zimbabwe. Catalyst ingathenso kuphedwa ndi chinthu chimene chimamatirira pamwamba pake osachokapo. Mtovu wa lead umatero, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene petulo wothira lead analetsedwera. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anamusiya mu 2006, ndipo Algeria inakhala yomaliza padziko lonse mu 2021.

Catalyst siisankha kuti ntchito yake ndi yabwino kapena yoipa. Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti mpweya wa CFC, umene unkagwiritsidwa ntchito m'mafiriji, ukafika kumwamba umaswedwa ndi kuwala kwa dzuwa n'kutulutsa maatomu a chlorine. Atomu imodzi imaphwanya mamolekyu a ozone masauzande ambiri chifukwa imatuluka yamoyo pa kuphwanya kulikonse. Chenjezoli linathandiza kuti mayiko asaine pangano la Montreal mu 1987.

Ma enzyme

Ma enzyme ndi ma catalyst a zamoyo, ndipo ambiri ndi mapuloteni. Popanda iwo, kusintha kofunika pa moyo kukanachedwa kwambiri pa kutentha kwa thupi kwa madigiri 37. Enzyme iliyonse ili ndi kamphako kopangidwa molingana ndi molekyu imene imagwira, choncho imagwira ntchito imodzi kapena zochepa. Catalase, imene imapezeka m'chiwindi, m'magazi ndi mu mbatata, imaswa mamolekyu a hydrogen peroxide mamiliyoni pa sekondi. Thovu limene limaoneka mankhwalawa akathiridwa pa bala ndi okosijeni wotuluka pa ntchito ya catalase. Masamu ofotokoza liwiro la ma enzyme analembedwa ndi Leonor Michaelis ndi Maud Menten mu 1913.

Pa nkhani ya kutentha, ma enzyme amapatuka pa lamulo la masiku onse. Liwiro limakwera ndi kutentha mpaka pa mlingo wina, kenako limagwa mwadzidzidzi chifukwa puloteniyo yapindika ndipo kamphako kaja kawonongeka. Ophika thobwa amadziwa zimenezi. Chimera, chomwe ndi mbewu zomeretsedwa za mawere, mapira kapena chimanga, chili ndi enzyme ya amylase imene imaswa sitachi kukhala shuga. Phala amaliyembekeza kuti lizizireko asanathire chimera. Likakhala lofunda bwino, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, koma chimera chikathiridwa m'phala lobwata, amylase imafa ndipo thobwa silikoma. Pofutsa masamba cholinga chimakhala chosiyana: amawawiritsa pang'ono kuti ma enzyme oononga mtundu ndi kukoma afe, kenako amawayanika kuti madzi, amene kusintha kwambiri kumachitikiramo, achoke.

Ma enzyme amamvanso kuchuluka kwa asidi, kumene kumayezedwa pa muyezo wa pH. Pepsin ya m'mimba imagwira bwino pa pH pafupifupi 2, pamene amylase ya m'malovu imafuna pafupifupi 7. Madzi a mandimu amachedwetsa kuda kwa chipatso chodulidwa chifukwa asidi amafooketsa enzyme yodetsayo. Ngakhale popanda enzyme, pH imasintha liwiro: chidulo ndi soda zimafewetsa ndiwo msanga, koma zimafulumizitsanso kuwonongeka kwa vitamini C ndi B1.

Mankhwala ambiri a kuchipatala ndi zochedwetsa ma enzyme. Aspirin imatseka enzyme imene imapanga makemikolo obweretsa ululu ndi kutupa. Mwa ma ARV, tenofovir amalepheretsa enzyme ya reverse transcriptase ndipo dolutegravir amalepheretsa integrase, ziwiri zimene kachilombo ka HIV kamafuna kuti kachulukane.

Kuwala ndi chibadwa cha makemikolo

Kuwala kungapereke mphamvu yoyambitsira m'malo mwa kutentha. Haidirojeni ndi chlorine zosakanizidwa mumdima sizichita kanthu, koma zimaphulika zikaikidwa padzuwa. Silver chloride imada ikaona kuwala, ndipo kujambula zithunzi pa filimu kunadalira makemikolo a siliva a mtundu umenewu. Mabotolo a mankhwala ndi a mowa amakhala abulauni pofuna kutchinga kuwala. Zomera nazo zimapanga shuga ndi mphamvu ya dzuwa.

Zonse zikafanana, makemikolo ena amangofulumira mwachibadwa. Potassium amayaka akangokhudza madzi, sodium amathamanga pamwamba pake akulira, chitsulo chimatenga masiku, ndipo golide sasintha n'komwe. Ma ion osungunuka m'madzi amakumana nthawi yomweyo chifukwa palibe cholumikizira chofunika kumasula: silver nitrate ikakumana ndi madzi amchere, zoyera zimaoneka pomwepo. Masitepe ena ndi achangu moti amatha m'ma femtosecond, ndipo Ahmed Zewail wa ku Egypt analandira mphoto ya Nobel mu 1999 chifukwa chopeza njira yowaonera ndi kuwala kwa laser.

Liwiro ndi zokolola: kupanga ammonia

Liwiro limanena za nthawi, silinena kuchuluka kwa zimene zidzapangike pomaliza. Kusintha kwina kumabwerera m'mbuyo, ndipo kumafika poti zopita ndi zobwerera zalingana. Catalyst imafulumizitsa mbali zonse ziwiri mofanana, choncho imafikitsa msanga pamalo olinganawo koma siwonjezera zokolola. Kutentha kumatha kusintha zonse ziwiri, ndipo nthawi zina kumazikokera kosiyana.

Kupanga ammonia, amene ndi gwero la feteleza wa urea ndi CAN, ndi chitsanzo chodziwika:

N2 + 3H2 ⇌ 2NH3

Naitirojeni amapanga maperesenti 78 a mpweya, koma maatomu ake awiri ndi omangika ndi cholumikizira champhamvu zedi, chofuna ma kilojoule pafupifupi 945 pa mole kuti chimasuke. Kusinthaku kumatulutsa kutentha, motero ammonia amachuluka pa kutentha kochepa. Koma pa kutentha kochepa liwiro limakhala laling'ono moti fakitale singapeze kanthu. Kutentha kukakwezedwa, liwiro limakwera koma ammonia amachepa. Fritz Haber anasonyeza mu 1909 kuti vutoli lingathetsedwe, ndipo Carl Bosch anamanga fakitale yoyamba ya kampani ya BASF ku Oppau, imene inayamba ntchito mu 1913. Alwin Mittasch anayesa zinthu masauzande asanakhazikike pa catalyst ya chitsulo wamba chosakaniza ndi timakemikolo tina tochepa.

Mafakitale amasankha pakati: kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500, kupanikiza kwa maulendo pafupifupi 200 kuposa mpweya wamba, ndi catalyst ya chitsulo. Kupanikiza kumathandiza mbali zonse, pa liwiro ndi pa zokolola, koma kumafuna mapaipi ochindikala ndi magetsi ambiri. Pa ulendo umodzi wodutsa pa catalyst, pafupifupi maperesenti 15 okha a mpweya ndi amene amasanduka ammonia. Ammoniayo amaziziritsidwa kuti akhale wamadzimadzi n'kuchotsedwa, ndipo mpweya wotsala umabwezedwanso m'makina mpaka pafupifupi wonse utagwira ntchito. Patapita zaka zambiri, Gerhard Ertl anasonyeza kuti sitepe yochedwetsetsa pa kusinthaku ndi kugawanika kwa molekyu ya naitirojeni pamwamba pa chitsulocho, ndipo ntchito yake yofufuza zochitika pamwamba pa zinthu zolimba inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2007.